Imelo ya ku ofesi ikukana? Onani izi kaye musanayimbire akampani

Vuto la imelo yomwe timapatsidwa ndi kampani ya intaneti limangobwerabwera kuno ku Zomba, makamaka m'maofesi ang'onoang'ono, masukulu apulayiveti, malo ogona alendo ndi mabungwe amene anatenga imelo limodzi ndi intaneti kapena limodzi ndi domeni yawo ya .mw (dzina lomwe limabwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo). Gmail munthu amangolemba pasiwedi basi yayamba, koma imelo iyi ya dzina la ofesi imafuna kuti ulembe seva (kompyuta ya akampani yosunga makalata), port (nambala ya khomo lolowera pa seva) ndi zina pamanja, ndiye ikangodukiza pang'ono anthu amathamangira kufufuta akaunti yonse n'kuyambiranso, chinthu chomwe chimatayitsa makalata a zaka zambiri. Chonde musayambire pamenepo. Izi ndalemba potengera zomwe ndimapeza ndikaitanidwa kukakonza, m'tauni muno mpaka ku Domasi ndi ku Thondwe, ndipo pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri n'kumatsika nazo.

## Musanagwire china chilichonse, tsegulani webmail

Pafupifupi kampani iliyonse yopereka imelo ili ndi webmail, kumene mumalowa kudzera pa Chrome kapena Firefox osadutsa mu Outlook kapena app ya pafoni. Adiresi yake imakhala pa pepala lomwe anakupatsani polembetsa, kawirikawiri imakhala webmail kenako dontho kenako domeni yanu, ndipo ngati seva ndi ya cPanel mutha kulemba domeni yanu n'kuwonjezera :2096 kumapeto. Lowani ndi adiresi yonse ya imelo ndi pasiwedi, dzitumizireni kalata nokha, tumizaninso ina ku Gmail ya mnzanu ndipo mumuuze ayankhe.

- Webmail ikulowa, ikutumiza, ikulandira: akaunti ndi seva zili bwinobwino, vuto lili pa kompyuta kapena foni yanu. Akampani sangakuthandizeni zambiri apa.
- Webmail ikutseguka koma ikukana pasiwedi: vuto ndi pasiwedi kapena akaunti yatsekedwa.
- Webmail siikutseguka n'komwe: ndi intaneti yanu, kapena seva yagwa, kapena domeni yatha.

Kuyesa kumeneku sikutenga nthawi koma kumadula theka la ntchito, ine sindiyamba kugwira masetingi a munthu ndisanaone webmail.

## Masetingi oyenera

Dzina la seva funsani akampani, musalote. Nthawi zambiri limakhala mail kenako dontho kenako domeni yanu koma si konse. Manambala a port okha ndi amodzimodzi dziko lonse:

- IMAP, yolandirira: 993 ndi SSL/TLS, kapena 143 ndi STARTTLS
- POP3, yolandiriranso: 995 ndi SSL/TLS, yakale yopanda chitetezo ndi 110
- SMTP, yotumizira: 465 ndi SSL/TLS, kapena 587 ndi STARTTLS
- Username: adiresi yonse ya imelo, osati mbali ya kutsogolo kwa @ yokha, pokhapokha akampani atanena okha

Port ndi mtundu wa chitetezo ziziyendera limodzi. Mukalemba 465 n'kusankha STARTTLS, kapena 587 n'kusankha SSL/TLS, imangozungulira mpaka kutopa. Port 25 isiyeni, imeneyo ndi yoti maseva azilankhulirana okhaokha ndipo makampani ambiri amaitseka kwa makasitomala pofuna kuchepetsa spam.

Ngati mukukhazikitsa akaunti yatsopano sankhani IMAP. Chifukwa chake ndafotokoza kumunsi pa nkhani ya makalata osowa.

## Palibe chikulowa, palibe chikutuluka

Outlook imaonetsa manambala monga 0x800CCC0E kapena 0x8004210A, pafoni imangoti siikutha kulumikizana ndi seva.

1. Bandulo. Ichi ndiye chimatsogola, ndipo anthu amakana poyamba, amati "koma achimwene intaneti ilipo, onani WhatsApp ikugwira". Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook siitsegula imelo. Ngati bandulo wamba yatha mu MiFi n'kutsala ya social yokha, mauthenga a pa WhatsApp azilowa ndithu koma imelo ayi. Tsegulani tsamba lina lililonse lomwe simunalitsegule lero, likakana muwone balansi.
2. Work Offline mu Outlook. Magetsi akazima rauta n'kuzima, wina amadina batani limeneli osadziwa kapena dala kuti uthenga wa error usiye kusokosa, kenako aiwala. Yang'anani pansi kumanja kwa Outlook, ngati palembedwa Working Offline pitani pa Send/Receive mudine Work Offline kuti ichoke.
3. Netiweki yofooka. Zomba ndi ya mapiri, pali malo ena kuseri kwa phiri ndi kumidzi yozungulira komwe foni imaonetsa timizere koma deta ikuyenda mwaulesi, tsamba limatseguka pang'onopang'ono koma Outlook imataya mtima isanamalize. Yesani hotspot ya netiweki ina, ngati muli pa Airtel yesani TNM, ngati muli pa TNM yesani Airtel. Muthanso kukweza Server Timeouts pa More Settings, Advanced.
4. Antivayirasi yomwe imasefa makalata. Zimitsani mbali yake ya mail shield kwa kanthawi n'kuyesa, mukatha muyatsenso.
5. Kompyuta yakale kwambiri. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo maseva ambiri anasiya kulandira TLS 1.0 ndi 1.1, njira zakale zotetezera makalata panjira, zomwe zinathetsedwa mwalamulo mu 2021. Ndiye mumapeza kompyuta ya Windows 7 ndi Outlook 2010 yomwe inkagwira bwino kwa zaka yangosiya tsiku limodzi popanda wina kugwira kanthu, kumeneko n'kuti akampani akweza chitetezo cha seva. Pali update yoyatsa TLS 1.2 pa Windows 7 koma imafuna kugwira registry, masetingi a mkati mwenimweni mwa Windows, itanani wodziwa. Podikira gwiritsani webmail kapena yesani Thunderbird, pulogalamu ina ya imelo yomwe ndi yaulere.

Ngati imelo ikugwira pa hotspot ya foni koma ikukana pa Wi-Fi ya ofesi kwa aliyense, werengani gawo lotsatirali pa nambala 2.

## Ikungofunsa pasiwedi, ndikulemba, ikufunsanso

Apa ndichedwepo chifukwa ndi pomwe anthu amawonjezera vuto ndi manja awo. Mu Outlook nambala yake imakhala 0x800CCC92, pa seva yotumizira mumaona 535.

1. Pasiwedi ndi yolakwikadi. Caps Lock yayaka, kapena mwakopa pasiwedi kuchokera pa WhatsApp n'kutengera limodzi kampata kumapeto, kapena foni yayamba ndi chilembo chachikulu yokha. Palinso kiyibodi: ikasintha kuchoka pa English UK kupita pa English US, chizindikiro cha @ ndi cha " zimasinthana malo ndipo # imasamukanso, ndiye mukulemba zolondola koma zikulowa zina. Lembani pasiwedi mu Notepad muione ndi maso, kenako muyese pa webmail.

2. Seva yatseka IP ya ofesi, nambala yomwe ofesi yanu imadziwika nayo pa intaneti. Maseva ambiri akaona pasiwedi yolakwika ikubwera mobwerezabwereza kuchokera malo amodzi amaganiza kuti ndi wakuba, amatseka malo onsewo. Zimayenda chonchi: abwana asintha pasiwedi pa laputopu, koma foni yawo yakale kapena tabuleti yomwe ili mudilowa ikadali ndi pasiwedi yakale ndipo ili pa Wi-Fi ya ofesi, mphindi zingapo zilizonse ikugogoda pa seva ndi pasiwedi yolakwika, mapeto ake ofesi yonse yatsekeredwa kunja, asekeletale, a akaunti, onse, pomwe iwo sanalakwitse kanthu. Akampani akatsegula, pasanathe ola yatsekanso chifukwa kafoni kaja sikanasiye. Muziyamba mwasonkhanitsa zipangizo zonse zomwe zinalowetsedwapo imelo imeneyo, musaiwale printa kapena fotokope yomwe imatumiza zosikana ku imelo, zimitsani Wi-Fi pa zonse, ikani pasiwedi yatsopano chimodzichimodzi, ndiye muyimbe kuti atsegule.

3. Username yalembedwa theka. Lembani adiresi yonse, kolandirira ndi kotumizira komwe. Pa iPhone gawo la Outgoing Mail Server limalembedwa kuti Optional koma pa imelo yamtunduwu mukuyenera kulidzaza.

4. Windows yasunga pasiwedi yakale. Pitani pa Control Panel, Credential Manager, Windows Credentials, chotsani zokhudza imelo imeneyo zokha, tsegulaninso Outlook.

5. Imelo yanu ili ndi dzina la ofesi koma kuseri ikuyendetsedwa ndi Google kapena Microsoft. Google inasiya kulola maapp akale kulowa ndi pasiwedi wamba pa Gmail mu May 2022, Microsoft inachita chimodzimodzi pa Outlook.com mu September 2024. Ngati ndi choncho mufunika app yatsopano yomwe imatsegula tsamba lolowera la eni ake, kapena pa Google mupange app password ya zilembo 16 mutayatsa kaye 2-Step Verification.

6. Akaunti yayimitsidwa chifukwa bilu sinalipidwe. Funsani owerengera ndalama ku ofesi kwanu, invoice ya chaka imakonda kugwera mu imelo ya munthu amene anasiya ntchito kalekale.

Mukayesa kawiri katatu ikukanabe, siyani. Kulimbikira kulemba mapasiwedi onse omwe munagwiritsapo ndi komwe kumatseketsa.

## Ndikulandira koma sindikutha kutumiza

Makalata akuunjikana mu Outbox. Mbali yolandirira ndi yotumizira ndi maseva awiri osiyana ngakhale dzina litafanana, ndiye imodzi itha kugwira ina itafa.

1. Bokosi la authentication silinachongedwe. Mu Outlook pitani pa Account Settings, More Settings, Outgoing Server, chongani My outgoing server requires authentication ndipo musankhe kugwiritsa masetingi omwewo a kolandirira. Mu Outlook zatsopano njira yosavuta yofikira pamenepa ndi Control Panel kenako Mail. Chizindikiro chake ndi uthenga wakuti Relaying denied kapena Relay access denied. Makampani ena kale ankalola kutumiza opanda pasiwedi bola uli pa intaneti yawo, n'chifukwa chake laputopu imatumiza bwino ku ofesi koma mukapita nayo kunyumba ku Matawale kapena ku Chinamwali pa MiFi ya kampani ina imakana.
2. Port 25. Sinthani muike 587 kapena 465 monga ndalembera pamwamba.
3. Kalata imodzi yaikulu yatseka njira. Izi zimachuluka nthawi ya ma tender ndi malipoti a kwa madona, mabungwe opereka thandizo. Munthu wasikana mapepala a kalembera wa bizinesi, a msonkho, makalata a ku banki, zonse mu mitundu pa 600 dpi, fayilo yafika 30 MB, wadina Send, palibe chikuchitika, wadinanso, tsopano mu Outbox muli makope atatu a chimtolo chomwecho ndipo timakalata ting'onoting'ono tonse tayima pambuyo pake, uku nthawi yotsekera ikuyandikira. Dinani Work Offline kaye, tsegulani Outbox, kokerani kalatayo ku Drafts kapena muifufute, ndiye mubwerere online. Ikakana kuchoka tsekani Outlook muitsegulenso ikadali offline. Dziwani kuti fayilo ikamayenda pa imelo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ya 20 MB imafika cha m'ma 27 MB, ndipo Gmail imalola kutumiza zomata zosapitirira 25 MB, maseva ena ang'onoang'ono malire ake ndi otsika kuposa apo. Sikanani mwakuda ndi koyera pa 150 kapena 200 dpi, zimawerengeka bwinobwino, kapena ikani pa Google Drive mutumize linki ngati olandirawo amalola.
4. Mwapyola malire a makalata pa ola. Sukulu ikamatumiza kalata ya fizi kwa makolo onse nthawi imodzi seva imatha kuimitsa. Funsani akampani malire ake, muzitumiza m'magulu.

## Ndikutumiza koma sindikulandira

1. Bokosi ladzaza. Imelo za makampani a intaneti zimabwera ndi malo ochepa poyerekeza ndi Gmail yomwe imapereka 15 GB. Pa webmail pamakhala kamzere kosonyeza malo omwe mwagwiritsa. Fufutani makalata akuluakulu, yambani ndi Sent chifukwa ndi komwe kumakhala zomata zolemera, kenako mukhuthule Trash ndi Junk, popeza kalata ikakhala mu Trash ikudyabe malo. Musanafufute zofunika sungani kaye pa kompyuta.
2. Zikugwera mu Junk kapena pali rule yomwe ikuzisamutsa. Onani mafoda onse pa webmail.
3. Pa foni: battery saver kapena data saver yaletsa app kugwira ntchito kuseri. Mafoni a Tecno, itel ndi Infinix omwe ambiri tili nawo amakonda kugoneka maapp pofuna kusunga batire. Ngati makalata amalowa pokhapokha mwatsegula app, pitani pa masetingi a app imeneyo muilole background data ndipo muichotse pa zoletsa za batire. Onaninso kuti sync ndi yoyatsa.
4. Fayilo ya Outlook yakula kapena yawonongeka. Magetsi akazima Outlook ili mkati molemba, fayilo ya .pst, momwe Outlook imasunga makalata, imatha kuvulala. Pali kachida kotchedwa scanpst.exe komwe kamabwera ndi Office, koma kopani kaye fayiloyo pa flash musanakayendetse. Malire a fayiloyi ndi 20 GB pa Outlook 2007 ndipo 50 GB kuyambira pa Outlook 2010.
5. Domeni yatha kapena MX yasokonekera. Ngati ofesi yonse yasiya kulandira tsiku limodzi ndipo otumiza akuti makalata akubwerera, funsani mafunso awiri: domeni inalipiridwa chaka chino? Pali amene wagwira webusayiti posachedwa? Madomeni a .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP ndipo amafuna kulipiridwanso nthawi yake ikakwana, kaya mwachindunji kaya kudzera kwa amene anakulembetserani. Za webusayitizo zimachitika mnyamata wopanga webusayiti yatsopano akasamutsa ma nameserver, omwe amasunga masetingi a domeni, n'kuiwala MX, yomwe ndi imene imauza dziko kuti makalata a domeni yanu azipita ku seva iti. Mutha kuona pa webusayiti ya MXToolbox polemba domeni yanu. Kukonza kwake musayese nokha, ndipo akakonza zimatha kutenga maola angapo mpaka masiku awiri kuti zifike ponseponse.

## Kalata yabwerera ndi uthenga wa Mail Delivery

Musaifufute, yankho lili momwemo. Tsikani pansi mupeze nambala ya manambala atatu.

- 550 ndi mawu akuti User unknown kapena No such user: adiresi mwailakwitsa kapena munthuyo anachoka. Onani zilembo, .mw ndi .com, kadontho ndi kamzere. Outlook imakumbukira adiresi yolakwika n'kumakupatsaninso, ichotseni pa mndandanda womwe umatsika mukayamba kulemba.
- 552: kalata yakula kwambiri kapena bokosi la wolandira ladzaza. Muimbireni.
- 421, 450, 451: zakanthawi. Seva yanu iyesabe yokha, kawirikawiri kwa masiku anayi kapena asanu isanagonje. Musatumizenso kakhumi.
- 554 kapena 550 ndi mawu akuti blocked, blacklist kapena Spamhaus: seva yotumizira yaikidwa pa mndandanda wa otumiza spam. Iyi ndi ya akampani, atumizireni uthenga wonsewo.
- 5.7.26 kuchokera ku Gmail: onani gawo lotsatira.

## Makalata anga akugwera mu Spam kwa anthu, kapena Gmail ikuwakana

Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, amafuna kuti domeni yotumiza ikhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza makalata oposa 5,000 patsiku ku Gmail akhalenso ndi DMARC. Izi ndi timizere tolembedwa mu DNS, kaundula wa masetingi a domeni, totsimikiza kuti seva imene yatumiza kalatayo ili ndi chilolezo chanu. Maofesi ambiri omwe anatsegula imelo kalekale alibe zimenezi, ndipo zimandipweteka kuona bungwe likudandaula kuti madona sakuyankha pomwe malipoti ake akugona mu Spam. Kuti mudziwe, tumizani kalata ku Gmail, itseguleni pa kompyuta, dinani timadontho titatu musankhe Show original, muona SPF, DKIM ndi DMARC ndi mawu akuti PASS kapena FAIL. Mukaona FAIL kapena palibe chilichonse, jambulani mutumize kwa amene amasunga domeni yanu. Si vuto la Outlook, kusintha masetingi sikuthandiza.

Mbali yanu ndi yochepa: musasiye Subject yopanda kanthu, musatumize chomata chokha popanda mawu, ndipo anthu ambiri muziwaika pa Bcc.

## Makalata akusowa, pafoni alipo pakompyuta palibe, kapena mosemphanitsa

Pafupifupi nthawi zonse ndi POP. Kusiyana kwake kuli ngati bokosi la ku positi ofesi: POP imapita kukatenga makalata n'kubwera nawo kunyumba, bokosi n'kutsala lopanda kanthu, pomwe IMAP imawerengera komweko n'kuwasiya kuti wina amene ali ndi kiyi awapezenso. Ndiye kompyuta ya asekeletale ikakhala pa POP, m'mawa akangoyatsa imakokolola zonse, abwana akuona kalata pafoni ali m'minibasi yopita ku Blantyre, pofika ku Namadzi yasowa.

- Mu Outlook pa More Settings, Advanced, chongani Leave a copy of messages on the server. Pansi pake pali kena kofufuta pakatha masiku 14, kwezani masikuwo koma mukumbukire kuti bokosi lidzadzaza msanga.
- Pa POP makalata a Sent amakhala pa chipangizo chomwe chinatumiza basi, musawafune kwina.
- Pa IMAP mukafufuta pafoni mwafufuta ponse. Ana akamaseweretsa foni ya ntchito dziwani zimenezo.
- App ya pafoni nthawi zambiri imangoonetsa makalata a masiku ochepa apitawa, kwezani pa masetingi a sync.

Chenjezo lalikulu: ngati akaunti ili pa POP, makalata anu onse akale ali mu fayilo imodzi ya .pst pa kompyuta imeneyo, kawirikawiri mu Documents, Outlook Files, ndipo akampani alibe kope. Musanapereke kompyuta kwa aliyense kuti aifomate, musanachotse akaunti, musanasamukire ku IMAP kapena ku kampani ina, pitani pa File, Open & Export, Import/Export, Export to a file, musunge pa hard drive yakunja ndipo muyese kuitsegula kuti mutsimikize. Anyamata ena okonza makompyuta amasunga zithunzi ndi nyimbo n'kuiwala fayilo imeneyi, muziwauza ndi pakamwa.

## Ikuchenjeza za certificate

1. Deti ndi nthawi pa kompyuta zalakwika. Madesikitopu akale ali ndi kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard, kakatha mphamvu ndiye magetsi akangozima deti limabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kompyuta n'kumaona certificate, chiphaso chotsimikiza kuti seva ndi yeniyeni, ngati yosayenera. Yang'anani pakona pansi kumanja. Konzani deti, time zone ikhale UTC+02:00 Harare, Pretoria, ndipo mugule kabatire kena, apo ayi mawa zibwereranso.
2. Dzina la seva lomwe mwalemba silikufanana ndi la pa certificate. Dinani View Certificate muone dzina, mufunse akampani ngati ndi lomwe muyenera kulemba.
3. Certificate ya seva yatha, eni ake sanaikonzenso. Auzeni.
4. Foni yakale kwambiri. Ma Android a pansi pa 7.1.1 sazindikira ma certificate a Let's Encrypt omwe maseva ambiri amagwiritsa ntchito.

Mukakhala pa Wi-Fi ya malo ena, kaya kolodge kaya ku workshop, chenjezo limeneli likatuluka musadine Yes. Mwina Wi-Fi ikufuna mulowe kaye pa tsamba lake, mwinanso pali wina pakati.

## Anthu akulandira makalata omwe sindinatumize

Apa siyani zonse, iyi si nkhani ya masetingi. Zizindikiro zina ndi makalata obwerera ambirimbiri ochokera kwa anthu osawadziwa, zinthu zachilendo mu Sent, kapena kasitomala kuyimba kufunsa ngati mwasinthadi akaunti ya ku banki. Nthawi zambiri zimayamba ndi kalata yooneka ngati yochokera kwa akampani, yakuti bokosi lanu ladzaza kapena akaunti itsekedwa mawa, dinani apa mutsimikize, munthu n'kulemba pasiwedi pa tsamba labodza. Kampani yeniyeni siifunsa pasiwedi pa imelo.

1. Sinthani pasiwedi nthawi yomweyo, kuchokera pa chipangizo china chomwe mukuchikhulupirira. Ikhale yaitali, osati dzina la ofesi ndi chaka.
2. Pa webmail onani Forwarders ndi Filters. Akuba amasiya kalamulo kotumiza kope la kalata iliyonse kwa iwo, kapena kobisa makalata okhala ndi mawu ngati invoice ndi payment, ndipo kameneka sikachoka mukasintha pasiwedi.
3. Imbirani pafoni makasitomala ndi onse omwe mumalipirana nawo, pa nambala zomwe mumazidziwa kale osati zolembedwa m'kalatamo.
4. Ngati ndalama zapita kale, banki ikhale yoyamba kudziwa ola lomwelo, kenako apolisi. Kulowa mu imelo ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Musafufute makalatawo, ndi umboni.
5. Itanani wodziwa adzasese kompyuta, ndipo akampani aone komwe olowawo ankachokera.

Nthawi zina akaunti sinabedwe, wina akungolemba dzina lanu pa From kuchokera kwina. Akampani ndi amene angasiyanitse poona ma header, timizere tobisika tosonyeza komwe kalatayo yachokera, ndipo mankhwala ake ndi SPF ndi DMARC zija.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Webmail ikukana pa manetiweki awiri osiyana ndipo bilu ndi yolipira
- Ofesi yonse yakhudzidwa nthawi imodzi
- Chilichonse chofuna kugwira DNS, MX, SPF kapena registry ya Windows
- Outlook ikuti fayilo ya .pst yawonongeka ndipo mulibe kope, kapena hard drive ikulira modabwitsa, apa zimitsani kompyuta musaiyatsenso
- Mukufuna kusamutsa imelo kupita ku kampani ina, musathetse mgwirizano wakale makalata asanakopedwe, ndipo ngati adiresi yanu imathera ndi dzina la kampani ya intaneti osati domeni yanuyanu, funsani kaye ngati idzatsale mukachoka chifukwa nthawi zambiri imapita nawo

Poyimba musangoti "imelo sikugwira", akufunsani zambiri mayunitsi n'kutha. Khalani ndi adiresi yomwe yavuta, chithunzi cha error yonse, tsiku ndi nthawi yomwe zinayamba, zomwe webmail yachita, netiweki yomwe muli, ndi IP yanu yomwe mungaipeze polemba what is my ip pa Google. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene mwalankhula naye, mulembe m'buku, ikadzafika poti nkhani ya intaneti yanu yakanika kutha ndi akampani mutha kukadandaula ku MACRA ndipo kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa eni ake. Wokonza akabwera lembani nokha pasiwedi pa kiyibodi, ndipo ngati munamuuza, muisinthe akangomaliza, pa zipangizo zonse kuphatikizapo fotokope.